Ndinali Wachitatu Kumva

Ku Magodi, Lachinayi masana

Towela mwana wane,

Wapita kutsidya kwa dambo kukatsanzika ankhazi ako, alongo awo a adada ako, ndiye ndapeza mpata wokhala pansi. Ndikulemba m'Chinyanja chimene anatiphunzitsa kusukulu, chifukwa Chitumbuka changa chimakhala pakamwa, sichinazolowele pensulo. Pamene ndalakwitsa uwelenge ndi mtima.

Mawa m'mawa adada ako akukweza panjinga kupita ku boma. Ukagona kwa amai ako aang'ono, NyaLungu, kuti Loweluka ukwele basi ya ku Chipata, kenako Lusaka, ku koleji. Ndiye kuti tsiku lako lomaliza kuno ku Lundazi ukhala nalo ndi iye. Iye ndiye akudzutse, iye akunyamulile chikwama, iye aone basi ikukhota pa msika. Ine ndidzakhala m'munda wa nshawa ndi khasu. Adada ako anati, "Tiyeni nanunso, nyumba ili ndi malo." Ndinati udzu wakula. Udzu wakuladi, koma chifukwa chake si chimenecho. Sindingagone pamphasa m'nyumba ya mkazi mnzanga n'kumamva mwana wanga akuseka naye kuchipinda.

Waona, ndayamba kale. Ndinafuna kukulembela malangizo aulemu monga amachitila azimai anzanga a kutchalitchi, koma chimene chili pamwamba pa mtima ndicho chimayamba kutuluka. Ndili ndi nsanje, Towela. Ndili ndi nsanje ndi NyaLungu, ndi kabokosi ka gemu kamene anakupatsa, ndiponso ndi mtsikana wa kutsidya kwa nyanja amene ngakhale iwe sunamuonepo. Ndikuuza zonse mmene zinayendela, utolemo wekha chokuthandiza.

Uyambe wamva za tivi ija, chifukwa sunadziwe chimene ndinaigulila. Utakhoza giledi seveni, adada ako anati ukakhale ku boma kwa NyaLungu, sekondale ili pafupi, uzikayenda wapansi. Ndinavomela, nanga ndikanatani? Unapita uli kamtsikana koopa ngakhale kuyatsa getsi. Holide yoyamba unabwela ndi nyimbo imodzi pakamwa. Ukusinja: "Kwa amama aang'ono kuli tivi." Ukutsuka mbale: "Nthawi ino kwa amama aang'ono kwayamba nyuzi." Dzuwa likamapendeka unkayang'ana njila ya ku boma ngati thole limene alitsekela m'khola make ali kubusa.

Chaka chimenecho fodya anachita bwino. Anzanga anagula malata. Ine ndinakwela basi mpaka ku Chipata, ndinabwelako ndi kativi ka zithunzi zakuda ndi zoyela, nditakakulunga m'chitenje ngati khanda, pamodzi ndi batile ya galimoto. Adada ako aang'ono anadula bulugamu wamtali kuposa onse, anamangilila tizitsulo tokoka zithunzi pansonga pake, amuna a m'mudzi akukoka zingwe kuti aime. Denga langa mpaka lelo ndi la udzu. Mvula ikagwa timasuntha mphasa, ukudziwa.

Zithunzi zake unaziona wekha. Lusaka ndi kutali. Munthu ankaoneka ngati akulankhula ali m'kati mwa matalala, mphepo ikaomba mutu n'kusowa, kutsala tayi yokha. Wina ankaima panja kupotoza bulugamu, ife m'nyumba tikukuwa, "Pomwepo! Yayi, bwezani!" Komabe anthu ankadzaza mpaka pakhonde, ine NyaMtonga ndikuyenda pakati pawo mapewa ali m'mwamba. Ndinkangodikila iwe. Holide itakwana unafika, unaiyang'ana pang'ono, unati, "Ya amama aang'ono ndi yamitundu, udzu umaoneka wobiliwila." Sunanene mwachipongwe. Unangonena monga mwana amanenela kuti kunja kukugwa mvula. Ine tsiku limenelo chakudya sichinandilowe.

Kumbukila ichi, Towela. Ku koleji ukapeza atsikana a nsapato zogogoda ndi mawailesi akuluakulu. Usagule chinthu pofuna kuposa munthu. Amene ukupikisana naye nthawi zambili sadziwa n'komwe kuti pali mpikisano. NyaLungu atamva kuti ndagula tivi ananditumizila kansalu koluka yekha, akuti ndizivindikila fumbi. Ndinakaika pansi pa nkhuku yofungatila mazila. Atabwela ku malilo ena anafunsa ngati kanakwanila, ndinati kanakwanila bwino chomene.

Kenako inabwela gemu. Mlongo wake wa NyaLungu anaibweletsa kuchokela ku Lusaka, iye n'kukupatsa kuti ubwele nayo kuno pa holide ya Ogasiti. Kabokosi kotuwa, togwilila tiwili ta mabatani, ndi chingwe. Unazula waya wa bulugamu wanga kumbuyo kwa tivi, unalowetsapo chingwe cha NyaLungu. Ine ndinali pakhomo ndi lichelo m'manja. Tivi yanga, imene inali isanandionetsepo nkhope ya munthu yathunthu, inayela ngati madzi a pachitsime. Timagalimoto tiwili pamsewu, kamzele kalikonse kakuoneka. Ndinati mumtima, ngakhale iwe tivi, unadya fodya wanga, lelo ukumvela mkazi mnzanga?

Iwe ndi ana a adada ako aang'ono munasewela masana onse a Sande. Madzulo azimai anabwela ndi timipando tawo kudzaonela sewelo lija la mlungu ndi mlungu. Ndinabwezelapo waya wanga, ndinayatsa. Chithunzi chinabwela, chinayamba kufota, chinasanduka kadontho, chinazima. Batile inali itatha, ndipo kotchajitsa ndi ku boma, ulendo wa tsiku lathunthu panjinga. Azimai ananyamula timipando tawo. NyaNgoma, uja wa pakamwa pakuthwa, potuluka anati, "Tamva kuti masiku ano tivi ya pano ili ndi mwini wina." Anzake anaseka mpaka kumsewu.

Chingwe chija sichinatayike ayi monga ndinakuuzila. Ndinachiika mumtsuko wa nyemba zambewu, pansi pa phulusa. Ndikuganiza kuti unadziwa, chifukwa unachifuna tsiku limodzi lokha, kenako unaleka. Batile itabwela unakhala nafe madzulo alionse, pamphasa, phewa lako likukhudza langa, monga ndinkafunila kuyambila tsiku limene ndinakwela basi ya ku Chipata. Koma ndinkati ndikacheuka kukuyang'ana, nkhope yako inali ngati nyumba yotseka. Ndinayang'ananso ena onse. Kukamwa yasa, maso pamatalala aja, palibe wolankhula ndi mnzake. Wina akatsokomola onse amvekele, "Shii!" Ndinakumbuka Sande lija, mmene unkakuwila, kudumpha, kumenya mnzako pamsana, kuphunzitsa kamwana ka adada ako aang'ono pogwila. Mawu ako ankamveka mpaka kukhola. Ine ndinali nditagula tivi kuti mwana wanga akhale pafupi, ndipo anakhaladi pafupi, koma ali chete ngati mlendo.

Ndiponso usaganize kuti tivi ndi yoyela mtima. Loweluka lina iwe uli kusukulu, kunali kwaya za m'matchalitchi, zithunzi zikuoneka bwinoko chifukwa kunalibe mphepo. Ndinali nditalonjeza kulandila ng'ombe kwa abusa chifukwa adada ako anali ku boma. Ndinati ndione kwaya imodzi yokha. Itatha inabwela ina ya mayunifomu okongola. Pamene ndimatuluka ng'ombe zinali m'dimba la amuna ake a NyaNgoma yemwe uja, zitamaliza lepu zikuyamba chimanga chachiwisi. Ndinapita kukagwada ndi tambala m'manja. Mai wamkulu ngati ine, kugwadila NyaNgoma chifukwa cha mayunifomu a anthu a ku Lusaka!

Ndibwelele ku holide ya gemu ija. Tsiku lina ndinafukula chingwe, ndinachipukuta phulusa, ndinati ndachipeza kuseli kwa kabati. Sunandifunse kanthu. Unangoti, "Amama, khalani apa, gwilani."

"Ine? Ndi manja a khasu awa?"

"Chala chachikulu apa. Ichi n'chothamangila. Yang'anani kagalimoto kakumanzele, ndi kanu."

Kagalimoto kanga kananyamuka, kanagunda khoma. Kanabwelela, kanagundanso. Pokhota ndinkapendeka thupi lonse mpaka ndinagwa pa kampando, miyendo m'mwamba, duku uko. Unaseka mpaka kugona pansi, inenso ndinaseka mpaka misozi. Towela, chiyambile kukubala sindikumbuka tsiku lina limene ine ndi iwe tinaseka chinthu chimodzi nthawi imodzi ngati tsiku limenelo. Tinabwelezanso. Kachitatu ndinadutsa pokhota osagunda, ndinaimba nthungululu. Pomwepo iwe, maso ali pa tivi, unati, "Amama aang'ono sagunda khoma ngakhale kamodzi. Amandipambana ndi ine ndemwe."

Ndinaika kogwilila pansi, ndinati ndikukatsekela nkhuku. Dzuwa linali likadali pamutu. Mawa lake unandiitana, ndinati mutu ukuwawa. Holide inatha, gemu inabwelela ku boma, sitinasewelenso. Ndikanakhala wanzelu ndikanati, "Ndiphunzitse mpaka ndikamupambane." Ukanaseka, tikanakhala pamphasa ija masabata onse otsala. Kumbukila, mwana wane: munthu amene umamukonda akayamikila wina pamaso pako, usanyamuke. Khala pomwepo, meza mate, upitilize chimene mumachita. Ukanyamuka, malo ako sakhala opanda munthu.

Akulu a mpingo amati gemu imaononga ana, tivi ndiyo imaphunzitsa. Ine ndalawa zonse ziwili, ndipo sindikuvomeleza kwenikweni. Tivi ili ngati phwando la ukwati. Aliyense amalowa, wolemela ndi wosauka, koma mumadya chimene eni ake aphika, palibe akufunsani. Gemu ili ngati nsolo. Pamafunika mutu ndi manja, mnzako ali pomwepo mukunyozana, koma malo ndi a anthu awili okha, ena n'kumangoimilila kumbuyo, ndipo njala siimveka. Adada ako nsolo ya pansi pa mtengo wa mango inawadyela munda wa thonje chaka china, ukawafunse. Ndamva kuti ku koleji kuli chipinda cha tivi yaikulu, ndipo m'tauni muli malo osewelela magemu. Sindikuletsa. Onela ndi anzako, ndipo ikazima muzikambilana zimene mwaona. Sewela ndi anzako, ndipo ukapambana kawili upatse amene waima kumbuyo. Chimene ndikuopa ndi kukhala wekha pamaso pa galasi, kaya ndi la tivi kaya ndi la gemu, mabuku ali pabedi. Ukadzaona kuti waiwala kudya kapena wanama kuti uli ndi mutu pofuna kujomba kalasi, udziwe kuti ng'ombe zalowa m'dimba.

Tsopano za Malita, mtsikana wa kutsidya kwa nyanja uja. Dzina limeneli ndalimva m'nyumba muno kuposa la m'bale aliyense. Unandiuza kuti mphunzitsi wina wachizungu amene anakhalako kusukulu kwanu anakulumikizani ndi ana a kwawo ku dziko la Nolowe, ndipo poti NyaLungu ndi sekeletale ku ofesi ya pulojekiti ya zaulimi kumene kuli kompyuta, ankakulola kulembelapo akaweluka. Ndinafunsa kuti mawuwo amayenda bwanji. Unati amadutsa mu waya wa foni, kompyuta imaimba ku Lusaka kamodzi pa tsiku n'kutenga makalata, dzina lake imelo. Walemba lelo, mawa yankho lafika. Kuchokela ku Nolowe! Ine ndikalembela achemwali anga ku Mwase konkuno, chimanga chimamela kalata isanafike.

Poyamba ndinkaseka. Kenako ndinaona kuti Malita akudziwa dzina la ng'ombe yathu yothyoka nyanga. Akudziwa kuti umaopa kuoloka dambo mvula ikagwa. Akudziwa kuti umafuna kuphunzila za mankhwala a ziweto, pamene ine ndinkauza anthu kuti udzakhala nesi. Tsiku lina unabwela ku holide maso ali ofiila, ndinafunsa amene wamwalila, unati galu wa Malita. Galu, Towela! Wathu atalumidwa ndi njoka sunasiye n'kudya komwe. Ndinapita kuseli kwa nkhokwe ndinalankhula ndekha mawu amene sindingalembe pano.

Chimene chinandithyola ndi cha chaka chatha, utamaliza giledi twelofu, uli ku boma ukudikila kalata ya ku koleji. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala, ine ndikusenda nshawa pakhonde. Ndinaona njinga ikubwela, wokwelapo wavala suti ya ku ofesi, nsapato zake zili m'basiketi, akupalasa ndi mapazi. NyaLungu. Chikwatiwile chake pakhomo panga ankafika pa malilo pokha.

"Monile, akulu."

"Monile. Kwagwanji?"

Anakhala pansi, padothi, ndi suti yakeyo. Anapempha madzi. Atamwa anati, "Akulu, mwana wathu akufuna kumugulitsa."

Mulungu andikhululukile, mawu akuti "wathu" anandibaya msanga kuposa akuti "kumugulitsa". Anafotokoza za bambo uja wogula fodya, wa vaneti yoyela, wa mkazi ndi ana ku Chipata. Kuti wakhala akukudikila panjila ya ku ofesi, kuti wafika kale kwa adada ako ndi shuga ndi mabulangete, ndipo adada ako ayamba kunena kuti za koleji sizidziwika, munthu uyu ali ndi galimoto. Kuti iwe wakhala mwezi wathunthu osagona bwino.

"Wakuuzani yekha?" ndinafunsa.

"Dzulo. Koma anayamba wauza mnzake uja wa pa kompyuta. Ndiye mnzakeyo wamulembela kuti, ine ndili kutali, sindingaime pakhomo pako, pita lelo lomwe ukauze mai wamkulu amene umamukhulupilila."

Ndinawelenga pa zala za mumtima. Woyamba Malita. Wachiwili NyaLungu. Ine amene ndinakunyamula, ndinakuyamwitsa, ndinagona nawe ku chipatala chikuku chitakugwila, ndinali wachitatu kumva.

Koma nthawi yolila panalibe. Adada ako anali kukhola akukonza goli. Tinapita awili, iye wopanda nsapato, ine makoko a nshawa ali pachitenje. Atationa tikubwela limodzi anaika nkhwangwa pansi.

"Akazi inu mwagwilizana liti?"

"Lelo," anatelo NyaLungu.

Ine ndinati, "Mwana akupita ku koleji. Mabulangete abwelele kumene achokela. Apo ayi ndikumanga katundu, ndikubwelela kwathu ku Mwase, munda wa fodya muzilima nokha."

NyaLungu anati, "Ndipo ku boma musafikeko. Loko ndisintha."

Anatiyang'ana, uyu, uyu, kenako anayang'ana ng'ombe ngati zingawathandize. "Nanga ine ndinavomela? Ndimangomvetsela chabe." Mlungu womwewo mabulangete anabwelela. Madzulo ake NyaLungu ndinamuphikila nkhuku, ndinamupelekeza mpaka pa mlatho. Ndinamuyamika ndi mtima wonse, ndipo pobwelela ndinalila njila yonse, osati chifukwa cha bambo wa vaneti.

Ukukumbuka utabwela ndinakufunsa tili kumunda, "Chifukwa chiyani sunayambe ndi ine?" Unakumba pansi ndi chala cha kuphazi. Kenako unati, "Malita alibe nkhope, amama. Inu ndikakuuzani choipa nkhope yanu imagwa, ndiye ndimasiya vuto langa n'kuyamba kutonthoza inu." Ndinakalipa kuti ndi mwano. Sunali mwano. Ndakhala ndikutembenuza mawu amenewo miyezi yonseyi, ndipo ndi oona. Mnzako wa pa kompyuta sapita kuchitsime, sangauze NyaNgoma. Sadziwa adada ako, sawaopa. Sagwa nkhope. Ukhoza kumuuza chinthu chikadali chachiwisi, usanadziwe n'komwe dzina lake. Ndikumuda chifukwa cha zimenezo, ndiponso ndikudziwa kuti pakanapanda iye, mwina bwenzi lelo ukutsuka vaneti ku Chipata.

Ndipo ndilibe chifukwa chodabwila, chifukwa inenso ndinali naye wanga wopanda nkhope. Izi sunazimvepo. Nditangokwatiwa kuno ndinali mlendo, apongozi okhwima, anzanga onse atatsala ku Mwase. Pa wailesi panali pulogalamu ya moni, anthu ankatumiza makadi kuti awawelengele. Ndinatumiza kamodzi, kupeleka moni kwa achemwali anga. Mlungu wotsatila ndinamva, "Mai Belita a ku Mufulila akupeleka moni kwa NyaMtonga wa ku Magodi, akuti dzina la mudzi wanu lawakumbutsa kwawo kwa amai awo." Ndinagwetsa mthiko. Ndinabweza moni, iwonso anabweza, kenako tinapatsana makeyala, tinayamba kulembelana. Anali mkazi wa munthu wa mumgodi. Sindinaone ngakhale chithunzi chawo.

Mlongo wako woyamba, amene sunamuone, atamwalila ali wakhanda, anthu onse kuno ankandiuza chimodzimodzi: usalile kwambili, udzabala wina. Mai Belita okha ndiwo analemba kuti, "Ndiuzeni mmene ankaonekela. Tsitsi lake linali lotani?" Ndinawalembela mapepala anayi. Ndi munthu yekhayo pa dziko lapansi amene anandifunsa zimenezo.

Adada ako anayamba kukwinya nkhope. Ankati, "Mukudziwa bwanji kuti ndi mkazi? Amuna a kumigodi ndi ochenjela." Apongozi anaonjezela kuti mkazi wapabanja sacheza ndi mphepo. Ndinatopa ndi mawu, ndinaleka kuyankha. Makalata awili anabwela, ndinangowasunga. Kenako pa wailesi: "Mai Belita akufunsa NyaMtonga wa ku Magodi, muli kuti, kodi muli moyo?" Anafunsa miyezi ingapo. Ndinkamva ndili pa mtondo, ndinkasinja mwamphamvu kuti ndisamve bwino. Kenako dzina lawo linaleka kumveka. Patapita zaka ndinalemba, kalata inabwelela. Sindidziwa ngati anasamuka migodi itayamba kuchotsa anthu, kapena anatisiya. Nsanje ya mwamuna inandilanda mnzanga, ine ndikuonelela.

Ndiye tamvela, Towela. Malita usamusiye chifukwa cha ine. Ndikadzakwinya nkhope ukamutchula, undileke ndikwinye, ndi matenda anga. Usadzamusiyenso chifukwa cha mwamuna aliyense. Mwamuna amene akuopa mnzako wa kutali adzaopanso wa pafupi, mapeto ake udzatsala ndi iye yekha. Akakulembela yankha msanga, ngakhale mizele iwili. Chibwenzi cha mawu okha chimafa ndi chete, chilibe malilo kapena ukwati pokumanilanso.

Koma funso la adada ako lija, ngakhale linachokela m'nsanje, silinali lopusa. Malita tikumudziwa chifukwa mphunzitsi uja anamuona ndi maso. Ku koleji wati makompyuta ndi ambili, ndipo munthu akhoza kucheza ndi aliyense. Amene alibe nkhope akhoza kuvala iliyonse. Wina akadzati tikumane pakutipakuti, usapite wekha, ndipo kukhale koyela, pa anthu. Akayamba kufunsa za thupi lako kapena kukulonjeza ulendo wa kunja, tseka, uuze munthu. Ndiponso kumbukila mawu a Malita yemweyo, kuti sangaime pakhomo pako. Malungo akakugwila usiku, amene adzakuthamangitsile ku kiliniki ndi mtsikana wa bedi la pafupi, uja wonunkha mafuta amene sukuwakonda, wosiya mbale zosatsuka. Umupatse moni m'mawa ulionse. Umugawile nshawa zimene ndakukazingila. Usamuuze za Nolowe tsiku lonse, nayenso ali ndi mtima, angadwale matenda anga.

Mawa ukafika ku boma, NyaLungu umuthandize ntchito, usakhale ngati mlendo. Umugwadile pomutsanzika. Anakusunga zaka zonsezi osakuwelengela chakudya, ndipo anapalasa njinga ndi mapazi chifukwa cha iwe. Umuuze kuti akulu akuthokoza, akuti yewo chomene. Ukhoza kumuuzanso kuti kansalu kaja nkhuku inaswelapo anapiye asanu ndi awili, aseke. Koma pokumbatilana pa basi usachedwepo kwambili. Anthu a ku Magodi amakhala pa siteshoni tsiku lililonse, adzandiuza.

Chomaliza ndi pempho, si langizo. Ndikudziwa kuti ukafika udzafuna kutumiza imelo ku ofesi ya NyaLungu kuti andiuze kuti wafika bwino. N'zachangu, n'zosavuta. Koma ndiye kuti iye adzawelenga choyamba, adzadziwa mtundu wa chipinda chako, dzina la mnzako wogona naye, chimene unadya panjila, ine n'kudzalandila zotafuna kale. Ayi, mwana wane. Ine undilembele ndi dzanja, pa pepala, uike mu envelopu, umate ndi malovu ako, ulembe dzina langa pamwamba. Ichedwe mmene ingachedwele. Nkhani ikhale yakale, bola ndiitsegule ndine. Ndipo muikemo kanthu kamodzi, ngakhale kakang'ono, kamene sunauze Malita ndiponso sunauze NyaLungu. Kaya ndi nsapato yakuthina, kaya ndi loto lopusa. Kamodzi kokha kakhale kanga.

Koma ukadzadwala, kapena wina akadzayambanso kukudikila panjila, za positi uiwale. Thamangila pa kompyuta. Uza Malita, uza NyaLungu, uza aliyense amene angamve msanga. Ndikhale wachitatu, ndikhale wachisanu, palibe kanthu. Nkhope yanga ndidzaigwila ndi manja awili kuti isagwe, ndipo ndidzakwela basi yoyamba.

Ndakuona ukuoloka dambo, ankhazi ako akusenzetsa dzungu lalikulu ngati kuti ku Lusaka kulibe chakudya. Ndilekele pano ndisanagwidwe.

Uyende makola, Chiuta akusunge.

Ndine amama ako okubala,
NyaMtonga